Mita Ikuyenda Koma Mpopi Ndi Wotseka

M'tauni ya Ulongwe muli mabanja amene ali ndi mpopi pabwalo. Madzi a pampopi ndi ogula. Mita ndiyo imawerenga madzi onse amene alowa pakhomo. Imawerenga amene mwamwa, imawerenganso amene atayika pansi.

Mpopi wodontha uoneka ndi maso. Ambiri amati, "Ndi timadontho chabe." Koma dontho limodzi pa sekondi iliyonse lingadzaze ndowa ya malita 20 pa tsiku. Pa mwezi ndi ndowa 30. Kawirikawiri cholakwa chimakhala kamphira ka m'kati mwa mpopi, kamene amakatcha washala. Kakatha, mpopi sutsekeka. Musaukanikize ndi mphamvu, mungauononge. Tsekani madzi pafupi ndi mita, masulani mutu wa mpopi ndi sipanala, ndipo ikani washala watsopano.

Chovuta kwambiri ndi paipi yoboka pansi pa dothi, chifukwa sioneka. Mudzaidziwa bwanji?

Yambani ndi mita. Madzulo, madzi akadali kutuluka, tsekani mipopi yonse. Uzani ana kuti asatunge. Lembani manambala onse a pa mita. Apa mpamene kudziwa kulemba kumathandiza! Pakatha maola 2, werenganinso. Ngati manambala asintha, madzi akuthawa pena pake pakati pa mita ndi mpopi wanu. Nambala yakuda ikasuntha kamodzi, apita malita 1,000. Amenewo ndi ndowa 50.

Tsopano funani malo ake. Nyengo yabwino ndi chilimwe, mu Seputembala kapena Okutobala, dothi litauma. Yendani motsata paipi. Onani pamene pamera udzu wobiriwira pomwe kwina konse kwauma. Onani pamene nkhuku ndi nkhumba zikonda kufukula. Onaninso khoma lonyowa m'munsi. Yang'anitsitsani polumikizira mapaipi, podutsa ngolo, ndi pamene munalima ndi khasu. Paipi yakuda ya pulasitiki ikakwiriridwa pamwamba, khasu silichedwa kuipeza. Usiku kuli zii, gwirizitsani chitsulo pa paipi, mbali inayo pa khutu. Madzi othawa amamveka kuti sii.

Mukapeza bowo, mangani ndi chubu cha njinga podikira mmisiri. Chubu sichikhalitsa. Ndipo bowo silitaya ndalama zokha ayi. Madzi akasiya kubwera, paipi imatha kuyamwa madzi oipa a m'dothi, makamaka pafupi ndi chimbudzi. Umu ndi mmene matenda otsegula m'mimba amalowera m'nyumba. Kumbukirani kolera amene anavuta m'chigawo chathu cha Tete mu 2023. Ngati paipi yaboka kumsewu, isanafike pa mita yanu, musaikumbe nokha. Kauzeni oyang'anira madzi.

Nanga inu a kumidzi amene mutunga pa mjigo? Mjigo nawonso uli ndi paipi yake m'kati mwa chitsime, ndipo imatha kutaya madzi. Pa mjigo wa Afridev yesani motere. Popani mpaka madzi atuluke. Siyani kwa mphindi 30. Kenaka popaninso mukuwerenga. Madzi ayenera kutuluka musanapitirire kupopa kasanu. Mukapitirira, mphira wa pansi watha kapena paipi yang'ambika. Lembani nambala imene mwapeza ndi tsiku lake, mukapereke kwa a komiti ya madzi ya m'mudzi mwanu.