Musanagule babu la galimoto, yang'anani izi

Amalonda a pa Chambe amene mumanyamuka mbandakucha ndi nthochi kapena zinanazi kupita ku Limbe mukudziwa mmene msewu wodutsa pa Chitakale umakhalira chiperoni chikatsika m'phiri. Chifunga chili tolo, m'mphepete muli akabaza ndi anthu olawirira kuntchito. Nyengo imeneyi ndiyo ambiri amathamangira kugula mababu owala kwambiri, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimatayika.

Choyamba zulani babu lakale muwerenge zolembedwa patsinde pake. Probox ndi ma Hiace ambiri amalowa H4, la 12V ndi 60/55W. Malole ambiri amayendera 24V, ndiye babu la galimoto yaing'ono mukaliika m'lole limapsa pomwepo. Wogulitsa akakuuzani kuti tengani la 100/90W, mukane. Mawaya ndi pulagi za galimoto yanu anazipangira 55 kapena 60. Moto ukachuluka pulagi imasungunuka, ndipo nyali ikhoza kukuzimirani muli pakona.

Nkhani yaikulu masiku ano ndi ya LED. Mababuwa amadya moto wochepa, zoona, koma mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali anaiumba potengera kawaya ka babu la halogen, kamene kamakhala pamalo amodzi enieni. LED yotchipa imatulutsira kuwala pena, mbale ija n'kukumwaza paliponse. Mukaima kutsogolo kwa galimoto mumachita kugoma nako kuwalako, koma pansi pamsewu pamene mukufuna kuona pamakhala mdima, pomwe mnzanu wochokera ku Phalombe wathobwa m'maso, mwina n'kukhotera kwa inu. M'chifunga zimanyanya: kuwala kopita m'mwamba kumabwerera m'maso mwanu ngati mwaunika chinsalu choyera. Mababu opaka buluu aja nawo ndi okongoletsa chabe, utotowo umachotsako kuwala.

Kwa ine, halogen yeniyeni ya Osram kapena Philips ikukwanira. Zachinyengo zilipo zambiri, choncho mtengo ukatsika modabwitsa, kayikani. Sinthani onse awiri nthawi imodzi, ndipo galasi la babu musaligwire ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amalifupikitsa moyo. Ngati mtima uli pa LED basi, iyeseni pakhoma musanalipire.

Kuyesako n'kosavuta. Madzulo imikani galimoto pamalo osatsetsereka, mamita 10 kuchokera pakhoma, muyatse dimu. Kuwala kuyenera kudukira pamzere wooneka bwino, pafupifupi masentimita 10 pansi pa msinkhu wa nyali, n'kukwera pang'ono chakumanzere, kumbali ya oyenda pansi. Mzerewo ukasowa, babulo silikugwirizana ndi nyali yanu.

Kumbukiraninso katundu. Mukadzaza matumba kumbuyo, mphuno ya galimoto imadzuka, dimu n'kusanduka fulu. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi kagudumu ka manambala pafupi ndi chiwongolero kotsitsira nyali. Ena mwayenda nako zaka osakagwira.

Ndipo nthawi zina vuto si babu n'komwe. Pulasitiki ya kutsogolo kwa nyali ikachita chikasu ndi dzuwa imatchinga kuwala kochuluka. Makaniko akaikwecha ndi sandipepa wosalala n'kuipolisha, akamanganso bwino waya wa efi, mudzaona kusintha ndi mababu omwewo. Inu ogulitsa zipangizo m'maokala, uzani kasitomala abwere ndi babu lakale m'manja, kuti musamakangane pobweza katundu.