SEFA YA MCHENGA: MALO ACHE NDI MAMANGIDWE ACHE

Kwa mafumu, nyakwawa ndi alimi onse.

Masiku ano m'midzi yambiri mwamangidwa nyumba za madzi a m'mipope: sukulu, chipatala chaching'ono, nyumba ya mphunzitsi, kapena ya mwana wa pamudzi amene wabwera ku nchito namanga ya malata. Eni nyumba zotere afuna chimbudzi cha madzi. Chimbudzicho nchabwino m'kati mwa nyumba, koma madzi ache akatuluka ayenera kupita kwina, ndipo kwinako ndi m'nthaka ya mudzi wanu, momwemo muli zitsime zanu. Wopereka malo ndi mfumu. Chifukwa chache mfumu iyenera kudziwa chimene ikubvomereza.

Tinene poyamba kuti banja lotunga madzi pa mjigo ndi ndowa silisowa zimene tilemba pano. Chimbudzi cha dzenje chokumbidwa bwino, chokhala ndi chobvundikira, chikwanira. Mau awa ali a iwo amene madzi ao oipa achuluka.

Thanki payokha siyeretsa madzi

Madzi a m'chimbudzi ayamba kulowa m'thanki ya njerwa ndi simenti yokwiriridwa pansi, imene amisiri aitcha septiki thanki. Dzinali linachokera kwa Donald Cameron, amene anamanga yotere ku Exeter, m'dziko la England, m'chaka cha 1895. M'thankimo madzi aima masiku 2 kapena 3. Zolemera zimira, mafuta ayandama, ndipo apakati ndiwo atuluka. Ambiri ayesa kuti madzi otulukawo ayera. Iai, sanayere. Ali ndi pfungo, ndiponso anyamula tizirombo ta kolera, kamwazi ndi taifodi monga analowera.

Mu 1854 ku London anthu mazana anafa ndi kolera m'masiku owerengeka, ndipo sing'anga John Snow anapeza kuti ambiri a iwo anamwa pa chitsime chimodzi cha mu Broad Street. Atakumba pambuyo pache anaona dzenje la zonyansa likuchucha pafupi ndi chitsimecho. Kwathu kuno kolera imene inayamba mu 2022 nipitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700. Nthenda imeneyi iyenda ndi madzi.

Tsono madzi otuluka m'thanki asowa kuyeretsedwa kachiwiri. Pa nthaka yabwino, yakuya ndi yofewa, nchito imeneyi ichitidwa ndi nthaka yomwe: akumba ngalande, naikamo miyala ndi mipope yobooledwa, madzi namwerera pang'onopang'ono. Koma pali nthaka zitatu zokana. Yoyamba ndi makande ndi dongo la kudambo, losamwa madzi. Yachiwiri ndi ya pathanthwe, pamene khasu ligunda mwala lisanalowe mkono umodzi. Yachitatu ndi ya m'mbali mwa nyanja ndi ya kuchigwa cha Shire, kumene madzi a pansi akwera kufupi ndi pamwamba m'nyengo ya dzinja. Pa malo otere munthu adzipangira yekha nthaka yabwino, ndiyo sefa ya mchenga.

Umo mchenga ugwirira nchito

Mau akuti sefa asakunyengeni. Mchenga susefa monga mai asefera ufa. Kusefako kulipo pang'ono, koma nchito yaikuru ichitidwa ndi tamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timera pa njere za mchenga, makamaka m'chikhato chimodzi cha pamwamba. Timeneti tidya zonyansa za m'madzi, ndipo kuti tidye tifuna mpweya monga ife. Madzi akalowa pang'ono natsika, mpweya utsata pambuyo pao m'mipata ya mchenga, tamoyoto tipuma ndi kudya. Madzi akaima osatsika, mpweya usowa, ito tifa, mchenga uda bii nununkha, nutsekeka ndi ndere yoterera.

Zimenezi anaziyesa kwa zaka zambiri ku Lawrence, m'chigawo cha Massachusetts ku America, kuyambira 1887, napeza kuti mchenga wothiridwa madzi mwa nthawi, ndi kupumula pakati, uyeretsa koposa wothiridwa kosalekeza. Mlimi adziwa kale zotere, pakuti chimanga cha pamalo olowa madzi chichita chikasu chingakhale pa nthaka ya chonde. Malangizo onse otsatawa atuluka m'chinthu chimodzichi, chakuti mchenga usamizidwe.

Kusankha malo

Musasankhe malo m'chilimwe. Mu Okotobala dziko lonse lioneka louma, ndi dambo lomwe. Pitani mu Febuluwale kapena mu Malichi, mvula itakhuta, mukumbe dzenje loyesera la mamita 2, mulisiye usiku. M'mawa mukapeza madzi, yesani pamene afika. Ngati nchito ifulumira ndipo simungathe kudikira dzinja, penyani makoma a dzenjelo: dothi lotuwa lokhala ndi mawanga ofiira ngati dzimbiri lisonyeza pamene madzi aima chaka ndi chaka. Pansi pa sefa payenera kukhala pamwamba pa msinkhu umenewo. Pakalephereka, sefa imangidwe pamtunda ndi makoma a njerwa, isakumbidwe pansi.

Pano mpamene nkhalamba za m'mudzi zipambana mmisiri wochokera kutauni. Izo zikumbuka pamene madzi anafika chaka cha chigumula, pamene panali chitsime chakale chokwiririka, ndi njira imene madzi a mvula atsata pochoka kuphiri. Mfumu iziitane pa tsiku loyesa malo.

Yesaninso mamwedwe a nthaka pamene madzi adzathera atachoka m'sefa. Kumbani kadzenje ka masentimita 30 m'mimba mwache ndi 60 kuya kwache, mukadzaze madzi, agone. M'mawa thiraninso madzi, muimike kamtengo, muwerenge nthawi imene madzi atsika inchi 1. Akatha mphindi zoposa 60, nthakayo njouma mtima ndipo ngalande yache idzafuna kutalika. Akatsika isanathe mphindi 1, musakondwere. Nthaka yotere ipititsa zonyansa msanga kufikira ku madzi a pansi zisanayere.

Za kutalikirana, sefa ndi ngalande yache zikhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera ku chitsime, mjigo, kasupe kapena mtsinje wotungapo anthu. Mamita 30 ndiwo ngati mayendedwe 40 a munthu wamkuru. Zikhale kumunsi kwa chitsime, zisakhale kumtunda kwache. Pa mchenga wa kunyanja ndi pa thanthwe long'aluka onjezani mtunda, pakuti madzi ayenda patali m'ming'alu. Thanki ikhale mamita 15 kuchokera ku chitsime, ndi mamita 3 kuchokera ku maziko a nyumba. Ndipo chitsime cha mnansi chiwerengedwe monga chanu. Milandu yambiri ya pabwalo iyamba ndi munthu amene anayesa mtunda m'kati mwa malire ache okha.

Malo opendekeka pang'ono ndiwo abwino koposa, chifukwa madzi atuluka pansi pa sefa ali otsika ngati mita 1 kuchokera pamene analowera. Pa malo athyathyathya mudzafuna pampu, ndipo pampu ifuna magetsi ndi munthu woikonza. Lingalirani zimenezi musanagule njerwa. Pewaninso mitengo ya mizu yolondola madzi, monga bulugama, nsungwi ndi mkuyu, ndi njira ya ngolo ndi ng'ombe, pakuti kupondaponda kutseka mpweya ndi kuswa mipope.

Mchenga wache

Sefa zambiri zifa chifukwa cha mchenga, ndipo chifukwa chache ndi ichi: mwini atenga wapafupi. Mchenga wa kudambo umene amisiri akonda popaka pulasitala suyenera konse. Ngwosalala, wosakanizika ndi dothi, ndipo utsekeka miyezi isanathe. Ufunika wa kumtsinje, wokhakhala m'manja, wa njere zonga za shuga wa m'sitolo, zosaposa njere ya mawere. Poyesa ndi zida, njerezo zikhala pakati pa theka la theka la milimita ndi milimita 1. Chinanso, njere zilingane. Zazikuru zikasakanizika ndi zazing'ono, zazing'onozo zikhala m'mipata ya zazikuru, mpweya nusowa podzera.

Kuyesa kwache nkosabvuta. Tengani botolo loonekera la pakamwa papakuru, muikemo mchenga wa masentimita 5, mudzaze madzi, mukhutchumule kolimba, mulisiye kufikira madzi ayera. Dothi lidzagona pamwamba pa mchenga ngati kansalu. Kansaluko kakaposa mamilimita 3, ndiko kunenepa kwa ndalama yachitsulo iwiri yosanjikiza, mchengawo utsukidwe kapena usiyidwe. Yesani ngolo iri yonse, pakuti woyendetsa ngolo akatopa atapa pamene pali pafupi. Kutsuka mchenga ndi nchito yotopetsa ya masiku angapo, koma kufukula sefa yotsekeka ndi kuyambanso kutopetsa koposa.

Kukula kwache ndi kamangidwe

Werengani madzi poyamba. Bwalo la mchenga la mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi lilandire ndowa 2 za malita 20 pa tsiku, zisapitirire. Tiyese nyumba ya anthu 6, yense ataya malita 80 pa tsiku m'chimbudzi, m'bafa ndi pochapa. Onse pamodzi ndi malita 480, ndizo ndowa 24. Pogawa ndi 2 tipeza mabwalo 12, ndiko kuti sefa ya mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Werengani anthu amene adzagona m'nyumbamo zaka zirinkudza, pamodzi ndi alendo ndi adzukulu, si iwo a lero okha.

Thanki ya nyumba yomweyo ingakhale ya mamita 2.4 m'litali, masentimita 90 m'lifupi, ndi madzi akuya mita 1.2, imeneyo isunga malita ngati 2,600. Igawidwe zipinda ziwiri, choyamba chikule kawiri kuposa chachiwiri. Mpope wotulutsa ukhale wotsika mainchi 3 kuposa wolowetsa, ndipo yonse iwiri ikhale ndi mkono wolowa pansi pa madzi, kuti mafuta oyandama asapite ku mchenga. Thanki ipakidwe simenti m'kati, niyesedwe ndi madzi isanakwiriridwe.

Sefa imangidwa kuyambira pansi. Dzenje lache liyalidwe pepala lolimba la pulasitiki kapena simenti, kuti madzi oipa asathawe ndi a pansi asalowe. Pamenepo goneketsani mpope wa mainchi 4 wobooledwa, wopendekera pang'ono kotulukira, muukwirire ndi miyala yotsuka ya kwale masentimita 25. Pamwamba pache nsangalabwi zazing'ono zonga nandolo, masentimita 7, zoletsa mchenga kutsikira m'miyala. Ndipo mchenga, masentimita 60, ndiwo mapazi 2. Apa mpamene mmisiri wofuna kusunga ndalama achepetsa. Mwini aimepo ndi ndodo yoyesera. Mchenga uthiridwe uli wonyowa, usalazidwe, koma usasinjidwe. Pamwamba pache miyala inanso masentimita 25, momwe mugona mipope yogawa madzi, yolingana msinkhu bwino lomwe, yotalikirana masentimita 90. Potsiriza yalani nsaru yopitsa mpweya kuti dothi lisagwere m'miyala, ndi dothi lamchenga lofewa masentimita 20, lokwezeka pakati kuti mvula itsetsereke, mubzalepo kapinga. Nsonga za mipope zikhotere kumwamba ndi kutulukira kunja, zotsekedwa ndi kansefa ka udzudzu. M'menemo ndimo sefa ipumira.

Chotsala ndi kathiridwe. Madzi akamadontha pang'onopang'ono kuchokera m'thanki, onse agwera pa mabowo oyamba. Pamenepo pamira, kwina konse kuli gwa. Chifukwa chache pakati pa thanki ndi sefa paikidwa kachipinda kosonkhanitsa madzi ndi kuwatulutsa onse pamodzi, kaya ndi chidebe chodzipendeketsa chokha chikadzala, kaya ndi mpope wokoka madzi wokha, kaya ndi pampu. Kuthira pang'ono kawirikawiri kupambana kuthira kwambiri kamodzi.

Pa sukulu kapena pa chipatala ife tiyesa kuti nkwanzeru kumanga sefa ziwiri zosakwirira, zotchingidwa ndi mpanda ndi chobvundikira, kuti ina igwire nchito pamene inzache ipuma. Yosakwirira ikayamba kuimitsa madzi, munthu apala masentimita 5 a pamwamba nabwezerapo mchenga watsopano. Yokwirira simungaipale, ndicho chifukwa chache siyenera kuchepetsedwa pomanga.

Madzi otuluka, ndi kasungidwe

Madzi otuluka m'sefa yabwino aoneka oyera ndipo alibe pfungo. Asakunyengeni. Tizirombo tachepa kwambiri, koma sitinathe. Asamwe munthu kapena chiweto, asathiridwe pa ndiwo zodya zosaphika monga matimati, ndipo asatayidwe mumtsinje. Alowe m'ngalande ya miyala yosaya, amwerere m'nthaka. Nthochi zobzalidwa kumapeto kwa ngalandeyo, patali ndi mipope, zikondwera nao.

Madzi a padenga asalowe m'thanki, pakuti mvula ya usiku umodzi imiza sefa yonse. Kumtunda kwache kumbani mgula wopatutsa madzi monga muchita m'munda. Musatayemo parafini, mafuta a galimoto, mankhwala a dibi kapena a thonje. Zimenezi zipha tamoyo tija. Zitsononkho, nsanza ndi mapepala a pulasitiki zitseka mipope.

Chaka ndi chaka tsegulani thanki, mupisemo ndodo yaitali yokulungidwa nsaru yoyera. Matope akafika gawo limodzi la magawo atatu a kuya kwa madzi, apopedwe. Pa nyumba zambiri zimenezi zichitika zaka 3 kufikira 5 ziri zonse. Matopewo akwiriridwe m'dzenje kutali ndi madzi. Munthu asalowe m'thanki, ingakhale yapopedwa, ndipo asasuziremo ndi nyali ya moto kapena fodya pakamwa. Mpweya wa m'menemo uyaka, ndiponso ukomola munthu asanapfuule. Wotsikira kukapulumutsa mnzache akomoka naye. Chobvundikira chikhale cha simenti, cholemera kuti ana asachisunthe.

Wofuna kumanga ayambe wakaonana ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lache, abwere nao pa malopo pamodzi ndi mfumu, dzenje loyesera liri chitsegukire.