Jakisoni wa m'bondo: imvani izi musanagulitse mbuzi

Amayi ndi abambo, agogo athu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, lero tikambirane za mawondo. Ambiri mukadzuka m'mawa bondo limauma, mukamatsika phiri mutasenza thumba la kachewere limalira khekhe. Imeneyi nthawi zambiri ndi nyamakazi yobwera chifukwa cha kutha kwa kanyama koterera kamene kamakuta nsonga za mafupa.

Ena mwamva kwa ana anu a ku Johannesburg kuti kuli jakisoni wothira "mafuta" m'bondo. Dzina lake ndi hyaluronic acid. Thupi lanu limapanga lokha madzi amenewa, onanda ngati thelere, ndipo amagwira ntchito ngati girisi pa gudumu la ngolo. Nyamakazi ikakula, madziwo amasungunuka. Poyamba mankhwalawa ankawatenga ku kanyama kofiira ka pamutu pa tambala, koma masiku ano ambiri amapangidwa ku fakitale. Dokotala amabaya mkati mwenimweni mwa bondo, kamodzi kokha kapena katatu mpaka kasanu, sabata iliyonse.

Tsono mverani bwino apa. Jakisoniyu sameretsanso kanyama kamene kanatha. Amene amawathandiza amamva kusintha pakapita masabata angapo, ndipo pofika miyezi 6 ululu umabwerera. Mu 2022 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku wambiri m'magazini ya madokotala ya BMJ, napeza kuti phindu lake n'lochepa kwambiri poyerekeza ndi jakisoni wopanda mankhwala. Ku Britain bungwe la NICE limalangiza madokotala kuti asamaupereke. Ife tikuti ndalama ya mbuzi ziwiri isathere pamenepa.

Choopsa kwambiri ndi kubayitsa kwa munthu wa m'mudzi kapena wa pamsika. Tizilombo tikalowa m'bondo timachita mafinya, ndipo bondo lingawonongeke m'masiku ochepa. Mukabayidwa ndipo bondo latupa, latentha, thupi nalo latentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga mutani? Limbitsani minofu ya ntchafu: khalani pampando, wongolani mwendo, werengani mpaka 10, tsitsani pang'onopang'ono, kangapo m'mawa ndi madzulo. Musaleke kuyenda. Ngati thupi ndi lalikulu, yesetsani kulichepetsa. Ndodo igwireni ku dzanja la mbali imene sikupweteka. Si manyazi ayi. Katundu wolemera gawani pawiri. Mapiritsi a ibuprofen kapena diclofenac musamwe tsiku ndi tsiku osafunsa anamwino, makamaka ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena BP.