MPHAMVU YA INJINI IFUNA GIYABOKOSI YOLIMBA

Mlimi amene agula ng'ombe zamphamvu nasunga goli lake lakale lofumbwa adziwa cimene cimacitika pa citunda: ng'ombe zikoka, goli lithyoka, ndipo ngolo ibwerera m'mbuyo ndi cimanga conse. Tsoka lotere limagweranso eni ake magalimoto a liwiro amene awonjezera mphamvu ya injini naiwala giyabokosi.

Cipangizo cimene ambiri amawonjezera naco mphamvu cichedwa turbo. Nchito yace ifanana ndi ya mvukuto wa munthu wosula makasu. Utsi woturuka mu injini uzunguza kagudumu ka mapiko, ndipo kagudumuko kazunguza kanzace kamene kakankhira mpweya wambiri mu injini. Mpweya ukacuruka, petulo wambiri amapsa, mphamvu nikula. Nzeru imeneyi inalembetsedwa m'caka ca 1905 ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland. Timagudumu timeneti timazungulira koposa nthawi 100,000 pa mphindi imodzi. Popeza mpweya wopanikizidwa umatentha, uyamba wapyola m'coziziritsa cochedwa intercooler usanalowe mu injini.

Koma mphamvu yonseyo iyenera kudzera m'giyabokosi isanafike ku mawilo. M'galimoto yosintha magiya yokha, imene ichedwa otomatiki, mulibe kilaci yoponda ndi phazi. Mphamvu imayenda ndi mafuta a m'cipangizo cochedwa torque converter, ndipo m'kati mwa giyabokosi muli timbale topyapyala timene mafuta omwewo amatipanikiza kuti giya igwire. Injini ikaposa mphamvu imene timbaleto tinapangidwira, timayamba kuterereka. Kuterereka kubala kutentha, kutentha kupsereza mafuta, ndipo mafuta akapserera giyabokosi yatha.

Citsanzo ca nchito yogwiridwa mwa dongosolo cinaoneka ku America m'caka ca 1987. Kampani ya Buick inali ndi galimoto yakuda yochedwa Grand National, ya injini ya masilinda 6 ndi malita 3.8, yokhala ndi turbo, ndipo mphamvu yace inali ya akavalo 245. Pofuna kutsazika mtundu umenewu mwaulemu, kampaniyo inagwirizana ndi akatswiri a ASC/McLaren kuti apange ina yoposa, imene anaicha GNX. Anapanga magalimoto 547 okha.

Akatswiriwo anaika turbo ya kampani ya Garrett yokhala ndi kagudumu ka dothi lootcha lolimba, kamene kapepuka kuposa ka citsulo, motero kafulumira kuzungulira woyendetsa akangoponda mafuta. Anakonzanso intercooler kuti iziziritse bwino, nasintha malangizo a kakompyuta ka injini. Mphamvu yolembedwa inafika pa akavalo 276.

Sanalekere pomwepo ai. Giyabokosi yace ya magiya 4, yochedwa 200-4R, anaikonza kuti magiya azigwira msanga ndi mwamphamvu, kuti timbale tisakhale ndi mpata woterereka. Anaika torque converter ina ndiponso coziziritsa mafuta a giyabokosi. Pomariza anamanga zitsulo zogwira ekiselo ya kumbuyo kuti matayala alume msewu m'malo mongopala pansi. M'mayeso a olemba magazini a magalimoto, GNX inacoka poima kufika pa liwiro la makilomita 97 pa ola m'masekondi osakwana 5, cinthu cimene magalimoto ambiri a mtengo wapatali a masiku amenewo sanacithe.

Ngakhale GNX ndi galimoto ya kutali, phunziro lace likhudza ali yense amene ayendetsa galimoto ya otomatiki kapena ya turbo, monga zimene zacuruka m'misewu ya Cipata, Katete ndi Petauke. Mwini galimoto akauzidwa ndi makaniko kuti turbo ingathe kukwezedwa mphamvu, ayenera kufunsa coyamba ngati giyabokosi idzapirira, ndiponso ngati petulo wofika mu injini adzakwanira. Mpweya wambiri pa petulo wocepa utentha injini kufikira pisitoni isungunuka.

Mafuta a giyabokosi ayenera kuonedwa kawirikawiri. Ambiri a mafuta amenewa ali ofiira pamene ali abwino. Akada ndi kununkha copserera ndiye kuti timbale tayamba kudyeka. Turbo nayo ikhala ndi moyo cifukwa ca oilo woyera wa injini. Pambuyo pa ulendo wautali kapena pokwera mapiri ndi katundu, nkwabwino kuisiya injini ikulira pang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanazimidwe, kuti oilo asapserere m'kati mwa turbo yotentha.

Ndipo amene wawonjezera liwiro asaiwale mabuleki ndi matayala, pakuti galimoto yothamanga koma yosatha kuima ipha mwini wace pamodzi ndi oyenda pansi. Mlimi wanzeru ayamba wasema goli latsopano, ndipo pambuyo pace ndi pamene amanga ng'ombe zace zamphamvu.