Mwana akafunsa kuti coyela pa mbendela ndi ca ndani

Masukulu atatseka kumayambililo kwa August, mlongo wanga anandisiila mwana wake wa giledi 3 kwa milungu iwili. Amene munasungapo mwana wa msinkhu uwu m'nyumba ya zipinda ziwili mudziwa kuti magetsi akapita, mafunso amayamba. Ndiye tsiku lina nditatsika basi ku Kamwala, ndinalowa mu shopu ya mabuku n'kumugulila buku lopenta mbendela za maiko, pamodzi ndi kabokosi ka makilayoni. Mumtima ndinati basi, ndapuma.

Mbendela ya Japan anaitsiliza m'mphindi ziwili. Ya Nigeria cimodzimodzi. Atafika pa ya India anakhala cete nthawi yaitali, akuwelenga masipoko a kawilo ka pakati ndi cala. Atatembenuza tsamba n'kufika pa Pakistan, anapeza kuti mbali imodzi afunika kuisiya yosapenta.

"Amalume, kansi apa anaiwala kuikapo mtundu?"

Yankho la funso limeneli ndi lalitali kupambana ulendo wocoka ku Kulima Tower kupita ku Chelstone nthawi yoweluka, koma tiyeni tiyese, popeza muli kale pa mpando.

Mwezi wa August ana mamiliyoni ambili kum'mwela kwa Asia amacita zimene mwana wa mlongo wanga anali kucita. Pakistan imakondwelela ufulu wake pa 14 August, India pa 15 August, ndipo onse anaulandila kwa Britain mu 1947, zaka 17 ife tisanalandile wathu. Maiko awa sali kutali ndi ife monga mmene mapu aonetsela. Mabanja ambili amene ali ndi mashopu ku Kamwala ndi ku Chipata makolo ao anacokela ku Gujarat. KK anali kunena poyela kuti njila yolimbana ndi atsamunda popanda ciwawa anaiphunzila kwa Gandhi. Ndipo holo ya Mulungushi imene mumadutsa pa Great East Road inamangidwila msonkhano wa maiko osatenga mbali wa mu 1970, umene Indira Gandhi anabwelako.

Ku India, pa 15 August ndi holide koma ana amapitabe kusukulu m'mawa, opanda mabuku. Ahedi amakweza mbendela, ana amaimba nyimbo ya fuko, amalandila maswiti, ndipo m'masukulu ambili mumakhala mpikisano wojambula ndi kupenta. Amajambula mbendela, amajambula Red Fort ku Delhi kumene nduna yaikulu imalankhulila mtundu tsikulo, amajambula Gandhi ndi magalasi ake ozungulila, ndi makaiti amene amadzaza mumlengalenga mwa Delhi. Pa 26 January, tsiku lokumbukila kuyamba kugwila nchito kwa malamulo oyendetsela dziko mu 1950, makilayoni amatulukanso. Boma kumeneko silisewela ndi timbendela twa pepala tumene ana amanyamula. Malamulo a mbendela amakaniza kututaya pansi mwambo ukatha.

Kawilo kamene kanavutitsa mwana wathu kali ndi masipoko 24, osati "ambili-mbili". Kanatengedwa pa cipilala cimene mfumu Ashoka inaimika ku Sarnath zaka zoposa 2,000 zapitazo. Poyamba pamalopo panali cipangizo copotela thonje ndi manja, cifukwa Gandhi anali kuuza anthu kuti aziluka okha nsalu m'malo mogula za ku Britain. Anacisintha pa 22 July 1947, kutatsala milungu itatu kuti ufulu ubwele.

Koma nkhani yeniyeni ili pa mitundu. Mu 1921 Pingali Venkayya anaonetsa Gandhi mbendela ya mitundu iwili, yofiila kuimila Ahindu ndi yobiliwila kuimila Asilamu. Gandhi anati aikepo ndi woyela kuimila ena onse otsala. Pofika 1931 cipani ca Congress cinasintha maganizo. Cinacotsa wofiila n'kuikapo wa olenji, n'kulengeza kuti mitunduyo siimilanso cipembedzo ca munthu aliyense. Lelo mwana wa ku India amauzidwa kuti wa olenji ndi kulimba mtima, woyela ndi mtendele ndi coonadi, wobiliwila ndi nthaka yobeleka. Ine ndiona kuti akuluakulu aja anacenjela. Mwana akazolowela kuloza pa mbendela n'kumati uwu ndi wathu, uwo ndi wao, akakula sadzafunikanso womuphunzitsa tsankho.

Pakistan inasankha njila ina. Mbendela yao inavomelezedwa pa 11 August 1947. Magawo atatu mwa anai ndi obiliwila, okhala ndi mwezi ndi nyenyezi, kuimila Asilamu amene ndiwo ambili. Gawo limodzi loyela, la kumtengo, liimila Akhristu, Ahindu, Asikh ndi ena ocepa. Tsiku lomwelo Muhammad Ali Jinnah, tate wa dzikolo, anauza nyumba ya malamulo kuti aliyense ndi womasuka kukapemphela kumene afuna, ndipo kuti cipembedzo ca munthu si nkhani ya boma. Manje mwaona: pamene mwana wathu anayesa kuti anaiwala kupenta, ndi lonjezo limene dziko linapatsa anthu ake ocepa.

Lonjezolo linafunika cifukwa ca mzele wina umene munthu wamkulu anajambula pa pepala. Loya wa ku Britain, Cyril Radcliffe, amene anali asanapondeko ku India, anapatsidwa milungu isanu cabe kuti agawe Punjab ndi Bengal pakati pa maiko awili atsopano. Mzelewo unalengezedwa pa 17 August, zikondwelelo zitatha kale, kutanthauza kuti m'midzi ina anthu anakweza mbendela osadziwa kuti ali m'dziko liti. Anthu pafupifupi 15 miliyoni anathawa m'nyumba zao, Asilamu kulowela ku Pakistan, Ahindu ndi Asikh kulowela ku India. Kumbukilani kuti kalembela wa 2022 anapeza kuti tonse muno mu Zambia tili 19.6 miliyoni. Amene anaphedwa m'njila, m'masitima ndi m'midzi, akatswili a mbili yakale amati ndi pakati pa 200,000 ndi 2 miliyoni.

Zimenezi simungazipeze m'buku lopenta. Ana a ku Lahore ndi ku Karachi pa 14 August amadzipaka zobiliwila ndi zoyela kumasaya, amamanga timbendela twa pepala pa cingwe kuzungulila nyumba, amaliza malipenga a pulasitiki mpaka makolo mutu kuwawa. Koma pa 16 August 2023, patangopita masiku awili timbendelato tukali pa zingwe, gulu la anthu linatentha machalichi ndi nyumba za Akhristu m'tauni ya Jaranwala, pambuyo pa mphekesela yakuti ena anyoza Qur'an. Mwana wa Mkhristu wa m'tauni imeneyo nayenso anaphunzitsidwa kusukulu kuti gawo loyela ndi lake.

Mbendela ya Sri Lanka, dziko la pa cisumbu limene limakondwelela ufulu pa 4 February, ndiyo inatsiliza kilayoni yathu yacikasu. Pali mkango wogwila lupanga, masamba anai a mtengo wopatulika wa Abuda m'makona, ndi mizele iwili pambali. Mkango ndi cizindikilo cakale ca Asinhala, amene ndiwo ambili. Mizele iwili ija anaiwonjezela mu 1951, wa olenji kuimila Atamil, wobiliwila kuimila Asilamu. Yang'anitsitsani cithunzi cake: mizeleyo ili kunja kwa bokosi la mkango, yolekanitsidwa ndi mpanda wacikasu. Mmodzi wa m'komiti imene inakonza mbendelayo, S. Nadesan, Mtamil, anatsutsa zimenezi nthawi yomweyo. Dzikolo linamenya nkhondo ya paciweniweni kuyambila 1983 mpaka 2009. Mu 2016 nyimbo ya fuko inaimbidwa m'Citamil pa mwambo wa tsiku la ufulu, anthu ena mpaka kugwetsa misozi. Mu 2020 boma lina linaicotsanso pa pulogalamu.

Kumene kupenta kwa ana kuli nkhani yaikulu zedi ndi ku Bangladesh. Dziko limeneli poyamba linali mbali ya Pakistan, lochedwa East Pakistan, ndipo mkangano unayambila pa cinenelo. Boma linafuna kuti Ciurdu cokha cikhale cinenelo ca boma, pamene anthu a kum'mawa amalankhula Cibengali. Pa 21 February 1952 apolisi anaombela ophunzila amene anali kucita zionetselo mu Dhaka, ena n'kufa. Pamalopo anamangapo cipilala cochedwa Shaheed Minar. Caka ciliconse tsikuli lisanafike, ophunzila zojambula pa University of Dhaka amapenta mseu wopita ku cipilalaco ndi maluwa ndi mizele yokongola, ndipo ana a sukulu amapikisana kujambula cipilalaco ndi kulemba bwino zilembo za Cibengali. Mu 1999 UNESCO inapanga 21 February kukhala tsiku la dziko lonse lokumbukila cinenelo ca makolo. Ife amene timacita manyazi kuyankha foni m'Cinyanja tikakhala mu ofesi, tiganizepo.

Ufulu wao anaulengeza pa 26 March 1971, ndipo nkhondo inatha pa 16 December caka comweco. Masiku onse awili ndi maholide, ndipo onse amakhala ndi mipikisano yojambula ya ana, ina yokonzedwa ndi Bangladesh Shishu Academy, bungwe la boma loona za ana limene linakhazikitsidwa mu 1976. Mbendela yao imaoneka yosavuta, cibulunga cofiila pa nsalu yobiliwila, koma ana ambili amaphonya pamodzi. Cibulungaco sicili pakati penipeni. Anacisendeza pang'ono kumtengo kuti mbendela ikamauluka cizioneka ngati cili pakati. Cofiilaco ndi dzuwa lotuluka, ndiponso magazi a amene anafa mu 1971. Nthawi ya nkhondo mkati mwake munali mapu a dzikolo acikasu, koma anawacotsa mu 1972.

Tsopano mvelani izi. Kwa zaka zambili, 17 March linali Tsiku la Ana ku Bangladesh, cifukwa ndi tsiku lobadwa la Sheikh Mujibur Rahman, mtsogoleli woyamba wa dzikolo. Ana anali kujambula nkhope yake, magalasi akuda ndi ndevu za pamlomo, n'kulandila mphoto. Mwana wake, Sheikh Hasina, ndiye anali kulamulila. Mu August 2024 zionetselo za ophunzila zinamuthamangitsa m'dzikolo, ndipo mu October boma logwilizila linafafaniza masiku 8 pa kalendala ya dziko, kuphatikizapo 17 March ndi 15 August, tsiku limene Mujib anaphedwa mu 1975. Mwana amene anaphunzila nkhope ija mpaka kuijambula osayang'ana anapeza kuti tsiku lake kulibenso. Ndipo acinyamata amene anagwetsa bomalo, ambili a iwo okulila m'mipikisano yomweyi, anatenga penti n'kudzaza makoma a Dhaka ndi zithunzi za anzao amene anaphedwa. Zimene munthu anaphunzila ndi kilayoni samaiwala, koma amene anamupatsa kilayoniyo sasankha zimene adzajambula akakula.

Maiko otsalawo tinadutsa mwamsanga. Maldives inalandila ufulu pa 26 July 1965, miyezi 9 pambuyo pa ife. Bhutan ili ndi cinjoka coyela cimene mwana anakana kupenta usiku, ndipo tsiku lao ndi 17 December, pamene mfumu yoyamba inalongedwa mu 1907. Ya Nepal ndiyo inamuseketsa, cifukwa ndi mbendela yokhayo ya dziko imene ilibe makona anai. Ndi timakona-tatu tuwili tosanjikizana, mwezi pamwamba, dzuwa pansi. Malamulo oyendetsela dziko la Nepal amafotokoza kajambulidwe kake sitepe ndi sitepe, ngati homuweki ya masamu. Ndinayesa ndi lula, ndinasiya.

Tsamba la Zambia analisungila kothela. Apa sanafune thandizo, popeza October aliyense aphunzitsi amawapentetsa. Ananena yekha mwa nyimbo: wobiliwila ndi nthaka ndi zomela, wofiila ndi nkhondo yomenyela ufulu, wa olenji ndi kopa, nkhwazi ndi kuuluka pamwamba pa mavuto, wakuda ndi anthu a mu Zambia. Atafika pa wakuda anaimitsa dzanja. Anakumbukila amai amene anatigulitsa bukulo ku Kamwala, amene anatipatsa cenji akulankhula Cinyanja ca mu Lusaka cosasiyana ndi canga.

"Nanga aja a mu shopu, ali pati apa?"

Ndinamuuza kuti ali pa wakuda pomwepo, cifukwa mtunduwo uimila anthu a dziko lino, ndipo iwo anabadwila muno. Ndinamuuzanso kuti amene anajambula mbendela yathu anali mai wacizungu, Gabriel Ellison, wobadwila mu Lusaka mu 1930. Anandiyang'ana monga mmene kondakitala amayang'anila munthu amene wati cenji cacepa.

Kilayoni yakuda inathela pakati pa mzele. Ati Loweluka tibwelele ku Kamwala tikagule ina, ndipo funsolo akawafunse yekha.