Mlangizi wa ana asukulu nayenso ali ndi womuyang'anira

Kholo la Chimalawi lomwe mwana wake amaphunzira ku Johannesburg litha kuuzidwa kuti mwanayo akuonana ndi mlangizi amene akadali pa maphunziro. Mlangizi wotereyu sagwira ntchito yekha.

Ku South Africa ntchito ya uphungu wa maganizo ili m'manja mwa Health Professions Council of South Africa, bungwe lomwe limayendera lamulo la Health Professions Act la 1974. Wofuna kulembetsedwa ngati registered counsellor amaphunzira zaka zinayi, kuphatikizapo maola 720 ogwira ntchito moyang'aniridwa, kenako amalemba mayeso a bungweli. Wofuna kukhala educational psychologist amafunika digiri ya masters ndi chaka chathunthu cha internship. Maphunziro a masters amenewa alipo ku Wits ndi ku University of Johannesburg.

Ophunzirawa amakumana pafupipafupi ndi wowayang'anira, nthawi zina payekhapayekha, nthawi zina pagulu. Pagulupo mmodzi amafotokoza za mwana amene akumuthandiza, osatchula dzina lake. Anzake sathamangira kumuweruza. Amayamba abwereza zimene amva kuti atsimikize, kenako amafunsa: mwanayo atakhala chete, iwe unanena chiyani? Nanga mumtima mwako munali bwanji? Kafunsidwe kotere kamamasula munthu kuti aulule pamene anasowa chonena, ndipo wowayang'anira amathandiza pamenepo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Chilankhulo nachonso chimakambidwa. Mwana amatha kufotokoza mavuto ake m'Chizulu, m'Chisutu kapena m'Chichewa, koma lipoti limalembedwa m'Chingerezi. Mnzake wodziwa chilankhulocho amathandiza kuti zimene mwanayo ananena zisapotozedwe, makamaka ngati anazinena mozungulira chifukwa cha manyazi kapena ulemu.

Chinsinsi chili ndi malire ake. Gawo 110 la Children's Act ya 2005 limalamula aphunzitsi, akatswiri a zamaganizo ndi ena ogwira ntchito ndi ana kuti akaona zizindikiro za nkhanza akanene kupolisi, ku dipatimenti ya Social Development kapena ku bungwe lovomerezeka loteteza ana. Wophunzira akakumana ndi zotere amadziwitsa womuyang'anira msanga.

Choncho musanasaine chikalata chovomereza, funsani dzina la womuyang'anirayo, amene adzamve nkhani ya mwana wanu, komanso chilankhulo chimene azikambirana. Vuto likakhala ladzidzidzi, imbani 116 ku Childline. Nambalayi ndi yaulere.