Momwe akatswiri amayezera mwaye m'kati mwa injini ya dizilo

CHITUNGWIZA, Zimbabwe – M'mawa uliwonse anthu zikwizikwi a mumzinda uno amakwera maminibasi ndi mabasi a dizilo kupita kuntchito ku Harare, kudzera mumsewu wa Seke Road. Utsi wakuda umene galimoto zakale zimatulutsa panjirayi ndi mwaye, tinthu ta kaboni timene timatsala mafuta akapanda kupsa onse chifukwa chopereŵera mpweya.

Tinthuti n'tating'ono zedi moti timaloŵa mpaka m'kati mwa mapapo. M'chaka cha 2012 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

Kuti mwaye uchepe, akatswiri ayenera kudziŵa malo amene umapangikira. Vuto n'lakuti moto wa dizilo umayaka m'silinda yotsekeka, momwe mpweya umapanikizika kuŵirikiza ka 100 kapena kuposerapo poyerekeza ndi wakunja, ndipo chida chilichonse choloŵetsedwamo chingasokoneze motowo.

N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito kuŵala kwa laser. Pa njira yotchedwa laser-induced incandescence, kuŵalaku kumaloŵa pa zenera lolimba la injini yoyesera kwa kanthaŵi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Mwaye umatentha kufika madigiri pafupifupi 3,700 Celsius n'kuyamba kunyezimira ngati khala, ndipo makina amajambula. Mphamvu ya kunyezimirako imasonyeza kuchuluka kwa mwaye, pomwe liŵiro limene kumazilalira limasonyeza kukula kwa tinthuto, popeza tating'ono timazizira msanga.

Kupanikizika kwa mpweya kumavutitsa ntchitoyi. Mpweya wothinana umaziziritsa tinthu mofulumira kwambiri, ndipo mwaye wochuluka umameza kuŵala kwina kusanafike pa kamera, motero akatswiri amayenera kuwongolera ziŵerengero zawo.

M'chaka cha 1997 John Dec wa ku Sandia National Laboratories ku California anasonyeza, pogwiritsa ntchito zithunzi za laser, kuti mwaye umapangika m'kati mwa mafuta opoperedwa, momwe mpweya ndi wochepa, ndipo umapsa m'mphepete mwa lawi.

Phunziroli likukhudza eni galimoto mwachindunji. Zopopera mafuta zikatha kapena sefa ya mpweya ikatsekeka, mafuta sasakanikirana bwino ndi mpweya, ndipo utsi umachuluka. M'dziko la Zimbabwe udindo woyang'anira utsi wotere uli m'manja mwa bungwe la Environmental Management Agency, malinga ndi malamulo a m'chaka cha 2009 oletsa kuipitsa mpweya.